Nyumba ya Khomo Limodzi ku Muthaiga

Ndinapita ku Nairobi kukaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Tsiku lonyamuka, abale anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo amalume anandilangiza chinthu chimodzi: ndisakabwere ndi mkazi wosamva Chichewa. Zobwera ndi satifiketi sanatchule. Choncho pa malangizo amene ndinalandira, palibe amene ndinaphwanya.

Ku koleji ndinakhalako mpaka aphunzitsi ndi ine tinagwirizana, mwamtendere ndithu, kuti nyumba za mu Africa zikhoza kuima popanda thandizo langa. Kubwerera kumudzi kunali kovuta. Ndinali nditasunga tsitsi lalikulu ngati mtolo wa udzu, ndipo masiku amenewo kwathu tsitsi lotere linali mlandu. Ndinaganiza mofatsa, n'kusankha tsitsi. Ntchito ndinaipeza kwa mmisiri wa miyala, Mjaluo wina dzina lake Otieno, amene tinkamutcha fundi, kutanthauza mmisiri m'Chiswahili. Atamva kuti ndinapondako ku koleji, anandipatsa zinthu ziwiri: dzina loti Profesa, ndi wilibala.

Tinkagwira ku Muthaiga, kumene agalu amanenepa kuposa alonda. Mzungu wina wa m'nthawi ya atsamunda anamanga kumeneko linga la miyala, kutengera aja ankabisalamo mafumu a kwawo pa nkhondo. Makoma ake anali a miyala yosema, yotuwa, okhuthala moti pawindo unkatha kugona chopingasa khoma mapazi osatulukira kunja. Ndati windo chifukwa cha ulemu; inali ming'alu yoponyerapo mivi, yotambalala mkati, kunja yongokwana dzanja. Pamwamba pa khoma panali mano a miyala, dzino apa, mpata apa, ngati mkamwa mwa mwana wogulula. Kuzungulira nyumba yonse kunali ngalande yakuya yoti adani azimiramo. Madzi sinawaonepo, ndipo alonda anadzalamo sukuma, ndiwo zamasamba za kumeneko.

Khomo linali limodzi, la mtengo wolemera, misomali yake mitu ngati zibakera. Ukalowa unkapezeka m'chipinda chimodzi chachikulu ngati tchalitchi, khitchini ili pambali. Zipinda zogona ndi bafa zinali m'nsanja, china pamwamba pa chinzake, ndipo njira yofikirako inali imodzi: masitepe amiyala ozungulira ngati chigoba cha nkhono, okwana munthu mmodzi, bola asakhale wokhuta. Chokhacho chimene ndinatola ku koleji n'chakuti masitepe otere amamangidwa dala. Adani azikwera mmodzimmodzi, ndipo asaone amene ali kutsogolo mpaka mphuno zitagundana.

Adaniwo sanabwere. Kunabwera mileme, chinyontho, kenako ufulu wodzilamulira. Mzungu analongedza, ndipo nyumbayo anaigula Mzee Karanja, mkulu wa malole, kuti aisandutse nyumba yokhalamo anthu wamba, kapena ndinene anthu a m'mabungwe akunja. Ife ntchito yathu inali kuboola makoma kuti mudutse mapaipi ndi mawaya, kukulitsa windo limodzi m'chipinda chilichonse, ndi kumata matope atsopano pakati pa miyala ya nsanja.

Tinkagona kukhola la mahatchi, kuseri. Aliyense anali ndi kachipinda ka hatchi yake. Kanga kanali ka hatchi yaimuna imene, malinga ndi zipsera za m'khoma, sinkagwirizana ndi boma la nthawiyo. Tinkadya chimanga chophikira limodzi ndi nyemba, ndipo Loweruka Otieno ankabweretsa nsomba zouma za kwawo n'kutilalikira za ubwino wake tisanadye. Kumudzi ndinkatumiza mabulangete, nsalu, ndi chithunzi chimodzi chimene ndinajambulitsa nditagwira chitseko chija. Sindinalembe bodza lililonse kuseri kwake. Nditabwerera kwathu patapita zaka, ndinapeza abale atagawikana pawiri: ena ankati nyumbayo ndinagulitsa n'kumwera, ena ankati anandilanda mkazi wa Chikikuyu. Mbali zonse ziwiri zinkandipatsa ulemu.

Odzachita lendi m'nyumbayo anafika ntchito isanathe. Ndinali pamwamba pa katawala, mitengo ija omanga amalumikiza kuti aziimapo, pamene galimoto inaima ndipo munatuluka mayi woyembekezera. Anayang'ana nyumba kuyambira pansi mpaka ku mano aja.

"Mayo ine. Bambo, mwandibweretsa kundende?"

Chichewa! Ndinali nditatha miyezi ndikuchiyankhula ndi wilibala yokha.

"Ayi mayi," ndinayankha ndili pamwamba pomwepo. "Ndende imakhala ndi mawindo."

Umo ndi mmene ndinadziwirana ndi a Kamwendo, a ku Dedza, amene ankagwira ntchito kubungwe lina lalikulu la mayiko, ndi akazi awo Anabanda. A Kamwendo anali munthu wa suti, magalasi ndi chikwama cha mapepala, wofatsa, woyankhula ngati akuwerenga. Nyumbayo anawapezera ndi a kuntchito, ndipo kusintha kunkafuna miyezi ya misonkhano. Anabanda pakati pawo poyamba panapita padera, ali okha m'dziko la eni. Ulendo uno ananena poyera kuti sachira popanda amayi awo pambali. Ndiye Anaphiri anakwera ndege kuchokera kwathu.

Inu a masiku ano, amene mumajambulitsa zithunzi mutakolekana m'khosi ndi apongozi anu, mundimvetse. Anaphiri anali a ku Ntchisi, a mwambo wosasungunula. Mkamwini samuyang'ana kumaso, sayankhula naye mwachindunji, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. A Kamwendo mwambowu ankaudziwa, ndipo anali atausunga bwino kwambiri kwa zaka, chifukwa pakati pa iwo ndi apongozi awo panali dziko lonse la Tanzania.

Tsiku loyamba zinayenda. Anaphiri anakhala pansi kuseri kwa chipilala m'chipinda chachikulu chija, a Kamwendo anaima kukhomo kuyang'ana denga, ine anandiitana ndili ndi simenti m'makutu kuti ndiime pakati.

"Uwafunse mayi kuti ayenda bwanji."

"Akuti mwayenda bwanji."

"Ndamva. Uwauze kuti ndayenda bwino, koma ndegeyo ilibe poimira kuti munthu awongole miyendo. Nanga iwe ndiwe mwana wa yani, tsitsi ngati lakufedwali?"

Kuyambira pamenepo ndinakhala kazembe, ndipo Anaphiri ankanditcha Atsitsi.

M'mawa wake mapulani a mzungu anagwira ntchito koyamba chimangire nyumbayo. A Kamwendo ankatsika, chikwama m'manja. Anaphiri ankakwera ndi phala la mwana wawo. Pokhota pena, nsapato yopolisha inakumana ndi mbale ya phala. Anaphiri anatembenukira kukhoma, n'kunjuta, n'kudzifunda chitenje kumutu. A Kamwendo anabwerera chafutambuyo mpaka pamwamba. Anadikira, n'kutsikanso mwakachetechete, n'kupeza mtolo wa chitenje uli pomwepo. Anaphiri sakanasuntha mkamwini asanadutse. Mkamwini sakanadutsa osawakhudza. Ndipo panalibe amene akanauza mnzake zimenezi.

Ndinangomva mawu akutuluka pamng'alu wa nsanja. "Profesa! Profesa, tathamangani!"

Ndinakwera mpaka pamene panathera njira, kumbuyo kwa Anaphiri.

"Auzeni mayi kuti apitirire," anatero mawu ochokera kumwamba. "Ine ndabwerera."

"Akuti mupitirire."

"Uwafunse kuti ndipitirira bwanji, poti kumene ndikupitako n'kumene aliko?"

"Akuti..."

"Ndamva, Profesa. Auzeni kuti ndalowa m'bafa. Ndatseka."

"Akuti ali m'bafa."

"Iii! Nanga zimenezo n'zouza apongozi?"

Phala linafika litazizira. Galimoto ya bungwe inadikira panja mpaka dalaivala anagona, pamene mkulu amene ankayembekezeka kumsonkhano wa mayiko anali chiimire m'bafa, atavala tayi.

Masana ake Anaphiri anandiitana kukhitchini. Anabanda anali atakhala pampando, miyendo itatupa.

"Atsitsi, nyumba ino anamanga munthu wopanda apongozi," anatero Anaphiri. "Ine sindinakwere ndege kudzachita manyazi tsiku ndi tsiku. Ukawauze eni nyumba kuti andipezere ulendo wobwerera."

"Ndipo muwauzenso," anawonjezera Anabanda, ngakhale kuti iwo palibe chinkawaletsa kuuza okha amuna awo, "kuti amayi akakwera ndege ine ndikwera nawo. Ndikachilira kumudzi. Ndipo munthu akachilira kumudzi, tsiku lobwerera amadziwa ndi Mulungu."

Uthengawu ndinaupereka wonse, osachotsapo kanthu. A Kamwendo anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Poyamba anayesa njira za kuofesi. Anagula belu loti aliyense aziliza asanaponde sitepe. Anaphiri analitembenuza m'manja n'kufunsa kudzera mwa ine ngati kuno anthu okalamba amawayesa ng'ombe. Kenako ine ndinkaima pansi pa masitepe ngati wapolisi wa pamsewu, koma Otieno anakumbutsa aliyense kuti matope sayenda okha. Pomaliza tinapita kwa Mzee Karanja kukapempha khomo lachiwiri ndi masitepe akunja.

Mzee anamvetsera bwino, chifukwa nawonso Akikuyu apongozi sawaseweretsa. Koma anapukusa mutu.

"Bwana Kamwendo, pepani sana. Nyumba za makomo awiri zadzaza Nairobi yense. Imeneyi anthu amaifuna chifukwa ili monga mmene mzungu anaisiyira. Ndikaiboola m'nthiti, ndatsala ndi nyumba wamba yamdima."

Amene anamvetsa msanga anali Otieno. Nditamufotokozera m'Chiswahili changa chopunduka, sanaseke n'komwe.

"Mama mkwe?" anatero, kutanthauza apongozi aakazi. "Profesa, bwanji osanena kale? Kwathu ukawaona akubwera umalowa patchire, ngakhale pali minga. Munthu ameneyu akuvutika."

Anayang'ana nsanja. Katawala wathu anali atafika kale pawindo la chipinda cha a Kamwendo, limodzi mwa aja tinakulitsa. Tsiku lomwelo Otieno anakhoma makwerero olimba, n'kuika chogwirira, n'kuyala matabwa osalala mpaka pawindo. Sanachitepo ntchito yaudongo chotero pa chinthu chongoyembekezera kugwetsedwa.

Ndiye m'mawa uliwonse windo linkatseguka, n'kutuluka mwendo wa suti, kenako a Kamwendo onse. Chikwama tinkachitsitsa pachingwe m'ndowa ya matope, titayalamo nyuzipepala.

"Mwadzuka bwanji, Profesa?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu bambo. Samalani thabwa lachiwirilo, lili ndi maganizo akeake."

Madzulo ankakwera momwemo. Chakudya chinkawapeza m'chipinda. Kubafa ankapita Anabanda atayamba aona kuti njira ili bwino. Alonda a nyumba zoyandikana ankasonkhana kumpanda kudzaonerera, ndipo mphekesera inafala m'Muthaiga kuti ku Malawi mwamuna salowera pakhomo mkazi akakhala ndi pakati. Sindinaitsutse. Dziko lathu linali lisanatchukepo ndi kanthu kumeneko.

Vuto linali lakuti katawala amaima pokhapokha ntchito ilipo. Tsono ntchito inayenera kudikira mwana. Tinkamata mzere wa miyala m'mawa, masana n'kupeza kuti sunakhale bwino, n'kuukokota. Ine luso limeneli ndinabadwa nalo. Amene ankazunzika ndi Otieno, munthu amene manja ake ankathamanga okha.

"Moyo wanga wonse ndaphunzira kufulumira," ankadandaula. "Profesa, umatha bwanji iwe?"

"N'za kukoleji zimenezi, fundi. Gwira mwala. Uuyang'ane. Uganizire za mbiri yake."

Mzee Karanja ankabwera, n'kuyang'ana nsanja, n'kutiyang'ana ife. Tinamuuza za chinyontho. Ulendo wina tinamuuza za mchenga. Ulendo wina Otieno anamuuza kuti miyala yakale imafuna kupuma, ndipo ananena nkhope ili gwa moti ine ndemwe ndinakhulupirira. Mzee sanakangane nafe. Anali ndi nyumba ina imene ankamanga ku Kasarani, ndipo tsiku lina m'mawa kunangofika lole ndi anyamata ake kudzatenga mitengo. Pofika masana nsanja inali mbulanda.

A Kamwendo pobwera kuntchito anapeza njira yawo itapita ku Kasarani. Anaima m'ngalande, pakati pa sukuma, kuyang'ana windo lawo kumwamba. Mkati, masutikesi anali atayamba kutsika masitepe, limodzilimodzi monga mwa lamulo la nyumbayo. Anaphiri anakhala pa lalikulu, atamanga duku la paulendo. La Anabanda linali pambali pake. Mwana anali atatsala pang'ono kubadwa, ndipo ngati ndege inali yoti iwanyamule, inali ya sabata yomweyo.

Ndinatuluka kukanena zimene ndinaona. A Kamwendo anamva akuphwanya tsamba la sukuma ndi zala.

"Profesa," anatero, "kukhola kwanu kuja kuli malo?"

Ndinaganiza kuti sindinamve.

"Malo alipo, bambo, koma eni ake anali mahatchi."

"Anadandaulapo?"

"Anga ankamenya khoma."

"Kawauzeni mayi kuti nyumba yonse ndi yawo, kuyambira pakhomo mpaka kudenga. Ine sindipondamo mpaka iwo atanena."

Ndinakapereka. Anaphiri anamvetsera mpaka kumapeto. Anakhala pa sutikesi paja kanthawi, akuyang'ana chipilala. Kenako anamasula duku, n'kulipinda, n'kundiuza kuti popeza ndangoima ngati mtengo, ndikweze katunduyo kumene ndinamuona akuchokera.

Choncho bwana wa linga anasamukira m'kachipinda ka hatchi yanga, ine n'kusunthira kwa Otieno. Masuti anawapachika pa mbedza za zishalo. M'mawa ankaima nafe pamzere wa pampopi, thaulo paphewa, ndipo dalaivala anaphunzira kuimika galimoto kukhola osafunsa mafunso. Masiku oyamba anzathu ankasowa mtendere, ankadya atatembenuka. Zinatha tsiku limene a Kamwendo anapsereza nyemba pa ulendo wawo wophika, Otieno n'kuwakalipira ngati mmene ankakalipira ine. Anapepesa mwaulemu, n'kukwecha poto.

Madzulo dzuwa lisanalowe Anabanda ankatsika pang'onopang'ono, atagwira khoma, n'kudzakhala ndi amuna awo pamphepete pa ngalande ngati anthu ongofunsirana kumene. Ndinamva tsiku lina akuti, "Bambo, mukudziwa kuti anzanu a kuofesi akamva adzakusekani?" A Kamwendo anati anamva kale, ndipo mmodzi wa ku Ghana anafunsa ngati kukholako kwatsala malo.

Anaphiri sanatumizepo mawu othokoza. Ankangotumiza chakudya. Ankandipatsa mbale yovindikira n'kunena kuti, "Ichi n'cha anthu onse a kukhola. Koma nthutumba ndi ya munthu mmodzi, ndipo iwe Atsitsi ndikudziwa kuti nkhuku inali nayo."

Mwana anabadwira kuchipatala, wamkazi, wamoyo, wokwiya. Tsiku lotuluka tinasesa pabwalo popanda wotiuza. Galimoto inafika masana. A Kamwendo anakhala kutsogolo, khosi lili chilili ngati lamangidwa pulasitala, ndipo atatsika anathandiza Anabanda mpaka pakhomo, n'kuima pomwepo. Phazi silinadutse. Anabwerera pambali n'kuyang'ana ku mpanda.

Anaphiri anatsika pomaliza, khanda lili m'manja. Ndinaona kuti pakhala zokambirana za mayiko awiri. Ndinapukuta manja pa buluku, ndinakonza tsitsi, n'kukaima pamalo anga pakati.

Anandidutsa ngati chitsa. Anaima pafupi ndi mkamwini wawo, chammbali, n'kuvundukula kankhope ka mwana.

"Iwe," anatero kwa khandalo, "uwauze bambo akowa kuti akununkha mahatchi. Alowe akasambe m'nyumba mwawo."

A Kamwendo anasendera pafupi. Anawerama pang'ono, maso ali pa mwana.

"Mayi wanga, uwafunse agogo ako kuti nanga za masitepe zija bwanji."

"Uwauze kuti ine ndizikwera ndi kutsika nditakunyamula iwe kutsogolo. Tikakumana, ayang'ane iwe. Ali ndi mawu, auze iwe. Ndipo wobwerera chafutambuyo ndi iwo, mawondo awo akadali atsopano."

"Uwauze kuti ndamva. Uwauzenso kuti... kuti nthutumba zinkafika."

"Uwauze kuti ndikudziwa. Wina uja ndinamuopseza."

Mwana anayasamula, ndipo mbali zonse ziwiri zinatenga kuti uthenga waperekedwa. Anabanda anali atatsamira chitseko, akuseka mogwira pamimba, misozi ili mbwembwembwe. Analowa: agogo ndi mdzukulu patsogolo, mayi pakati, a Kamwendo pambuyo akuyang'ana pansi ngati ataya singano. Palibe anandiitana.

Ntchito ndachotsedwapo zambiri, ku Kenya ndi kwathu kuno, pa zifukwa zosiyanasiyana ndipo zina zomveka. Koma imeneyi yokha ndi imene anandilanda munthu wopanda mano.